Waya Wofiira ndi Wobiriwira

Booysens, Joni
Lamulungu, 10 Malichi 2024

Okondedwa amake Monalisa,

Ndayamba ndi moni. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko pamodzi ndi mwana wathu Monalisa ndi amayi? Ine kuno ndili bwino, kupatula chifuwa chimene chinandigwira pa 26 Febuluwale, koma chinatha chokha.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. M'chipinda muno timagona anthu asanu, ndipo ndikangoti halo onse amasiya zimene akuchita n'kutchera khutu. Inu mukudziwa kuti mawu anga ndi apansi, sinditha kukuwa. Austin wonyamula katundu uja wavomera kumanditengera makalata akamapita kumudzi, nanunso muzimupatsira anu.

Ntchito ya ulonda ndinaisiya pa 31 Januwale. Tsopano ndili pa kampani yaing'ono yopanga makina ofungatira mazira. Mbali yanga ndi yolumikiza mota imene imatembenuza mazirawo, monga imachitira nkhuku ndi mlomo wake. Si mota ngati ya chigayo imene imangothamanga ukaiyatsa. Iyi imayenda ngati munthu wowerenga mapazi, timasitepe 200 ndiye kuti yazungulira kamodzi. Payokha siidziwa kanthu, imauzidwa ndi kabokosi kakuda kamene kuno timakatcha dalaiva. Mota ili ndi mawaya anayi, kabokosinso kali ndi timabowo tinayi, ndipo waya aliyense ali ndi bowo lake. Sabata yoyamba ndinkalumikiza mota zitatu pa tsiku. Dzana ndalumikiza 14, ndipo palibe imene anandibwezera. Abwana anati amene anandiphunzitsa kusamala anachita bwino. Ndinangoseka, nanga ndikanawauza kuti ndinalekera Sitandade 8?

Ndapatsira Austin R900. Mugule matumba awiri a chimanga mtengo usanakwere, poti mwati cha m'munda wa kumtunda chapsa ndi dzuwa. Yotsalayo mumugulire Monalisa nsapato. Za mapepala anga musamafunse pafoni. Popita kuntchito ndimadzera njira ya kuseri, ndi yaitali koma ndi yabata.

Za sola ndamva, ndipo ndasangalala kuti mwana aziwerenga powala. Mwati anadzaika ndi Harrison wa shopu pa Golomoti. Kodi ndi Harrison yemwe uja woimba kwaya, amene anakufunsirani ine ndisanafike? Ndikungofunsa. Mwati anayamba Lachisanu pa 1 Malichi n'kudzamaliza Loweruka pa 2. Kuno sola ya panelo imodzi amaika maola atatu. Mwina denga lathu ndi lovuta.

Mupereke moni kwa onse.

Ndine wanu,
Silvesta


Booysens
Lamulungu, 7 Epulo 2024

Amake Monalisa,

Moni wa Pasaka, ngakhale wachedwa. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ndipo mwendo wa amayi waphwa. Ine ndili bwino. Kalata yanu ya pa 24 Malichi ndinailandira pa 3 Epulo, ndipo ndaiwerenga katatu.

Nkhani ya gulu lanu la amayi yandikondweretsa. Mwati mwasonkherana n'kugula bokosi lofungatira mazira kwa aphunzitsi opuma a ku Mua, limatenthetsa bwino koma mota yotembenuza inafa, ndipo liziikidwa kwathu chifukwa ndi kumene kuli sola. Nachisale, imeneyo ndiye ntchito yanga. Kuno kuli mota zochotsedwa m'makina obwezedwa, zabwinobwino, ndipo abwana andigulitsa imodzi pamodzi ndi dalaiva wake pa R350. Mungonditumizira miyeso. Muchotse mota yakufayo, muigoneke papepala n'kuizunguliza ndi pensulo, mulembenso pamene pali mabowo a mabawuti.

Tsopano pali china chimene sindikanafuna kulemba. Austin wandiuza kuti pamene anabweretsa kalata yanga pa 16 Malichi anapeza njinga yamoto yofiira pansi pa mtengo wa bwemba, mwini wake ali pakhonde, pampando wanga wa ndalema, akumwa thobwa. Achimwene a Laisoni nawonso anaiona njinga yomweyo pa 30 Malichi, Loweruka Loyera, pamene Monalisa anali kutchalitchi kokonzekera. Ndawerenga pakalendala. Pa 2, pa 16, pa 30. Onsewo ndi Maloweruka, ndipo pakati pake pali masiku 14. Batire latsopano silidwala pakatha masiku 14 aliwonse.

Pafoni munati Harrison amabwera kudzaona ngati batire likudzaza, ndipo wanena kuti bokosi la amayi akhoza kulikonza ulere. Munthu wa shopu sachita zaulere. Ine anthu a ku Limpopo ndi a ku Free State akuswetsa anapiye ndi mawaya amene ndinalumikiza ndi manja angawa, ndiye m'nyumba mwanga mudzalumikize munthu wina? Anthu adzati chiyani, kuti Silvesta ku Joni amasesa? Bokosilo asalikhudze. Ndidzakujambulirani zonse papepala moti ngakhale mwana akhoza kutsatira.

Munanenanso kuti ndikapitiriza mafunso otere mukawauza amalume anu a Lameki kuti aitane ankhoswe. Mawu amenewo andikhala pamtima sabata yonse. Takhala zaka 11 ndi miyezi inayi ankhoswe osatikhalirapo pansi. Ine ndine mkamwini, nyumba ndinamanga pamalo a kwanu, ndipo ndikudziwa kumene nkhani zotere zimakathera. Sindikukunenani kanthu. Kungoti kuno munthu ukaweruka ulibe chochita, umangokhala pabedi n'kumawerenga masiku.

Sopo ndi mafuta ophikira zili m'chikwama cha mizeremizere. Shuga sindinagule, wakwera.

Ndine mwamuna wanu,
Silvesta


Booysens
Lamulungu, 28 Epulo 2024

Amake Monalisa,

Moni nonse. Ndikhulupirira kuti muli bwino. Kuno kwayamba kuzizira, m'mawa zala zimauma moti kawaya kamapulumuka. Anzathu awiri a m'chipinda sanabwereko kuyambira Lachitatu, tatsala atatu. Zimenezo ndidzanena pamaso.

Miyeso yanu inafika ndipo munajambula bwino kwambiri. Katoni imene Austin akupatseni musaigwetse. Mota ndaikulunga m'juzi yanga yakale. Dalaiva ndamukhomera kale pathabwa pamodzi ndi kawotchi kamene kamamuuza nthawi, ndiye pamenepo palibe choti muchite. Timaswichi ting'onoting'ono ta pambali pake ndatchera kale, musatikhudze. Chomangira timabawuti chili momwemo.

Muyambe ndi kumanga mota pamene panali yakale ija, mabawuti anayi, shafuti yake ilowe m'giya ya thireyi ya mazira. Kenako muyang'ane pakabokosi. Pali timabowo tinayi tolembedwa A+, A-, B+ ndi B-. Waya wakuda alowe pa A+. Wofiira pa A-. Wobiriwira pa B+. Wabuluu pa B-. Ndajambulanso kuseri kwa pepala lino ndi mapensulo amitundu a Monalisa amene anatsala m'chikwama changa. Pabowo lililonse pali kabawuti pamwamba. Mumasule pang'ono, mulowetse nsonga ya waya, mumange, kenako mukoke wayayo pang'ono kuti muone ngati wagwira.

Mukamaliza zonsezo ndi pamene mulumikize mawaya awiri aakuluwo ku batire, wofiira ku + ndi wakuda ku -. Ichi ndiye musaiwale: batire likakhala lolumikizidwa musazule waya wa mota ngakhale mmodzi. Kabokosi kamapsa nthawi yomweyo, ndipo kulibe kena. Mukafuna kukhudza chilichonse muyambe mwachotsa ku batire.

Kanyali kobiriwira kakayaka mudine batani loyera. Thireyi iyenera kusuntha nthawi yomweyo. Kuchokera pamenepo izisuntha yokha pakatha maola awiri aliwonse.

Mulumikize nokha, Nachisale. Muli ndi manja abwino, munthu wosoka madiresi a ukwati sangalephere mawaya anayi. Musaitane munthu aliyense, ngakhale wongodzaonerera. Ikazungulira mundiuze tsiku lomwelo, ndi ola lake. Ikapanda kuzungulira mundiuzenso.

Mwati amayi a m'gulu asonkha mazira 120 a nkhuku za mikolongwe ndipo a Josephine, mmodzi wa iwo, akufuna aikidwe katoni ikangofika. Ine ndikanakonda mukanayamba ndi ochepa. Koma poti mwagwirizana kale, ndilibe mawu.

Ndine,
Silvesta


Booysens
28 Epulo 2024

Achimwene a Laisoni,

Moni, pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndili moyo. Kalata iyi ndamuuza Austin kuti akupatseni m'manja mwanu, isadzere kunyumba kwanga. Ndakulemberani chifukwa ndinu nkhoswe yanga, ndipo ndinu munaiona njinga ija.

Ndatumiza mota kwa alamu anu kuti aike m'bokosi la mazira. Ndikufotokozereni pang'ono. Mawaya anayi a mota imeneyi amayenda awiriawiri, wakuda ndi wobiriwira, wofiira ndi wabuluu. Awiri oyambawo amalowa mbali ya A, enawo mbali ya B. Ukawasakaniza mota siipsa, koma siizunguliranso. Imangonjenjemera pamalo amodzi n'kumalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Papepala limene ndawalembera ndasinthanitsa wofiira ndi wobiriwira. Ndachita dala.

Katoni ifika cha pa 6 Meyi. Ndikupempha kuti Loweruka pa 11 mukadutse kunyumbako ngati mukupita kudimba, mukapemphe kuona bokosilo. Ngati thireyi ikusuntha, ndiye kuti pali munthu wodziwa mawaya amene walowa m'nyumba mwanga nditaletsa, chifukwa ndi pepala langalo singasunthe. Kudera lathu lonse wodziwa zimenezi ndi mmodzi. Ngati siikusuntha, mtima wanga ukhala pansi, ndipo ndidzangonena kuti ndinalakwitsa polemba, asinthe mawaya awiri basi. Palibe chimene chiwonongeke, tsiku limodzi kapena awiri mazira amapirira.

Mwina mudzati ndapenga. Achimwene, zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi inayi sindinaone nyumba yanga. Pafoni munthu akhoza kunena chilichonse. Mota ndi yokhayo imene singandinamize.

Mukaona mundiimbire masana, nthawi yopuma, osati madzulo pamene anzanga ali m'chipinda. Kalatayi mukawerenga muiotche.

Mng'ono wanu,
Silvesta


Booysens
Lamulungu, 12 Meyi 2024

Wokondedwa wanga Nachisale,

Moni wochokera pansi pa mtima. Muli bwanji, mayi? Monalisa ali bwanji? Ine ndili bwino kwambiri, sabata ino ndadya ngati munthu wochira.

Pamene munaimba Lachitatu pa 8 Meyi mukulira, mtima unandipweteka. Munati mazira onse 120 mwaika 7 koloko m'mawa, mawaya mwalumikiza monga mwa pepala, koma mota ikungonjenjemera ndi kulira. Munati mwachotsa ku batire n'kuyambiranso kanayi konse, ndipo mwina manja anu ndi amene ali olakwa. Musadzidandaule. Achimwene a Laisoni anandiimbira dzulo kuti anadutsa kumeneko ndipo anakupezani mutagwada pabokosi mukutembenuza mazira limodzilimodzi. Anati mawaya ali ndendende monga ndinajambulira, palibe wina amene wakhudza. Atatero ndinakhala pansi pampanda wa kuntchito kwa kanthawi. Mwandimvera, Nachisale. Zikomo.

Pitirizani monga ndinanenera pafoni. Mota ikhale yochotsedwa ku batire. Thireyi musaikankhe ndi dzanja, magiya angathyoke. Dzira lililonse mulilembe mtanda ndi pensulo mbali imodzi kuti muzidziwa limene mwatembenuza. Kasanu pa tsiku, ndipo chitseko musachisiye chotsekula nthawi yaitali. Mudzasiye pa 26 Meyi, anapiye ayamba kuswa pa 29. Ndawerengera kuti ndi maulendo 90. Ndi ntchito, ndikudziwa, makamaka pamene mukukololanso mpunga.

Za chimene chavuta pa motayo ndili ndi maganizo, koma ndikufuna ndiyambe ndatsimikiza. Mundipatse sabata imodzi. Pakali pano mawayawo muwasiye monga alili. Mwati a Ireen a m'gulu lanu akukakamiza kuti gulu liitane wa pa Golomoti uja poti mazira ndi a anthu khumi ndi awiri, si anu okha. Muwauze kuti mwini mota waletsa. Ndikufuna ndione kuti sabata imeneyi itha bwanji. Ndamvanso kuti njinga yofiira inadutsa pamsewu wa kumjigo Lachinayi, koma akuti siinaime. Ngati siinaime palibe mlandu.

Ndakugulirani bulangete la maluwa la R280 ndi mpango wa kutchalitchi. Monalisa ndamugulira chikwama cha mabuku. Ndinayenda mpaka m'tauni kukazigula, kumene sindinapondeko chaka chino.

Mundikumbukire m'mapemphero.

Wanu yekha,
Silvesta


Booysens
Lamulungu, 9 Juni 2024

Amake Monalisa,

Moni. Ndikhulupirira kuti thupi lili bwino. Ine ndilipo. Foni yanu ndaimba ka 23 kuyambira pa 1 Juni, imalira koma osayankhidwa.

Ndiyambe ndi kupepesanso maliro a mayi anu aang'ono ku Mua. Pamene munapita pa 14 Meyi ndinaganiza kuti muchedwa tsiku limodzi, sindinadziwe kuti adikira ana a ku Lilongwe mpaka pa 17. Ndamva kuti tsiku lachiwiri munachoka pasiwa n'kukwera kabaza kudzatembenuza mazira, ndipo abale anu sanakondwe nazo. Ndamvanso kuti a Ireen amene munawasiyira kiyi ankangobwera m'mawa ndi madzulo, ndipo tsiku lina anaiwala kukankha chitseko cha bokosi. Sabata imene ndinapempha ija inatha mutangochoka pamaliro, ndipo sindinafune kukuvutitsani ndi za mawaya. Kenako ndinaona kuti masiku otembenuza atsala ochepa. Ndinaganiza molakwa.

Anapiye 34 pa mazira 120. Osukusa 86. Nambala imeneyi imandibwerera ngakhale ndili pantchito.

Achimwene andifotokozera za pa 1 Juni. Akuti amayi a m'gulu anadzaza pakhonde, a Josephine akunena kuti mwamuna wanu anatola mota kudzala, inu n'kumayankha kuti mota ndi yabwino, olakwa ndi manja anu. Akuti amalume a Lameki ndi amene anatuma munthu kukaitana Harrison, ndipo bokosi analitulutsira panja pamaso pa onse. Akuti Harrison anamasula mota, anagunditsa nsonga za mawaya awiriawiri uku akupotokola shafuti ndi zala, kufuna kumva pamene ikulimba. Umo ndi mmene timadziwira mawaya oyendera limodzi, pamenepo sanalakwitse. Anasinthanitsa wofiira ndi wobiriwira, mota n'kuzungulira. Kenako anatembenuza motayo n'kuona katepi kunsi kwake.

Kalata yanu yafika dzana, katepiko mutakamata pakati pa pepala, pansi pake mizere iwiri yokha: "Bambo ake Monalisa, zolemba izi ndi zanu. Tandiwerengereni deti lake."

Ndawerenga. Palembedwa 27/4/24, A wakuda ndi wobiriwira, B wofiira ndi wabuluu, yayenda, S.M. Ndi dzanja langa, sindikana. Mota iliyonse imene ndayesa ndimaimata katepi kotero, dzanja limangochita lokha, ndipo ndinaiwala kuti kalipo. Ndamva kuti a Josephine anafunsa ngati ku Joni mawaya amasintha mtundu munthu akagona, anthu n'kuseka. Koma amake Monalisa, munthu amalakwitsa. Ndinayesa Loweruka, ndinalemba kalata Lamulungu, ndipo tsiku limenelo mutu unkandiwawa chifukwa cha anzathu amene anatengedwa ndi apolisi aja. Wofiira ndi wobiriwira ndi osavuta kusokoneza papepala.

Chimene sindikumvetsa ndi chakuti posintha mawaya awiri safunika kumasula mota yonse. Anaimasuliranji? Ankafuna chiyani kunsiko? Ndiponso akuti ntchito inatha mphindi khumi, koma njinga inachoka dzuwa litapendeka. Amayi aja anali adakalipo nthawi yonseyo?

Chonde yankhani foni. Za amalume tiyeni tiyambe takambirana awiri.

Silvesta


Booysens
Lamulungu, 23 Juni 2024

Amake Monalisa,

Moni kwa inu, kwa mwana ndi kwa amayi. Za thanzi langa sindilemba, si zofunika lero.

Achimwene a Laisoni anandiimbira Lachiwiri pa 18. Kalata imene ndinawalembera pa 28 Epulo sanaiotche. Akuti pamene amalume a Lameki anawaonetsa kalata yanga ya pa 9 Juni, imene ndinati ndinalakwitsa chifukwa cha mutu, iwo analowa m'nyumba n'kukatenga yawoyo. Anandiuza kuti nkhoswe imaimira banja, siimira bodza la mng'ono wake. Ndinawakwiyira tsiku limodzi. Tsopano ndaleka.

Ndiye mwaiwerenga. Palibe chimene ndingawonjezere, koma ndikufuna muchione cholembedwa ndi dzanja langa kwa inu, osati kwa munthu wina. Ndinasinthanitsa mawaya dala. Pa 8 Meyi pamene munkalira pafoni ndinkadziwa chimene chavuta, ndipo chinali cha mawu asanu okha. Pa 11 Meyi ndinali nditapeza kale yankho limene ndinkafuna, koma linanditsekemera moti ndinafuna kulimvanso sabata ina. Bulangete lija ndinagula ndi chimwemwe chimenecho. Ngati mwaliika pansi pa bedi sindidabwa. Munachoka pamaliro a mayi anu aang'ono chifukwa cha ine. Munaima pamaso pa anzanu n'kunyoza manja anu kuti dzina langa lisanyozeke. Kenako ine, m'malo mogwada, ndinanamanso n'kufunsa za njinga.

Achimwene akuti amalume atakufunsani chimene mukufuna, munayankha kuti, "Akanandimenya ndikanadziwa chowauza anthu. Koma munthu wandiyesa ngati mota." Akuti simunalire.

Ankhoswe akhala pansi Loweruka pa 13 Julayi. Amalume anena kuti nkhani iyi siikambidwa pafoni, ndipo ndikapanda kuoneka adzatenga katundu wanga n'kukamusiya kwa achimwene. Ndibwera. Tsopano ndikuuzeni za mapepala zimene ndinkabisa. Masiku a m'pasipoti yanga anatha kalekale, mu 2021. Ndikatuluka pa Beitbridge adzadinda kuti ndisalowenso dziko lino kwa zaka zisanu. Abwana ndawauza Lachisanu. Anati malo anga sangawasunge, ndipo anafunsa ngati kwathu kwagwa maliro. Ndinati ayi. Anati nanga n'chiyani, ndinati ndinalumikiza mota molakwika. Anaseka poyesa nthabwala, chifukwa pa mota 1,140 zimene ndawalumikizira sinabwerepo ngakhale imodzi.

Amayi a m'gulu ndidzaonana nawo ndekha, mmodzimmodzi, kuyambira a Josephine. Ndidzawauza kuti manja anu analibe mlandu. Za mazira awo 86 ndidzamva chimene anene.

Ndamva kuti mukufuna kuika mazira ena pa 1 Julayi. Pali chinthu chimodzi chimene chikundidetsa nkhawa. Timaswichi ta pambali pa dalaiva ndinatchera mphamvu ya thireyi yopepuka ya kuno, pamene yanuyo ndi yachitsulo. Kachiwiri kayenera kukwera m'mwamba, apo ayi mota izidumpha masitepe thireyi ikadzaza, mazira ena osatembenuka. Ndajambula kuseri kwa pepala lino. Ndikudziwa kuti pepala langa simungalikhulupirirenso, ndipo simukulakwa. Mumuitane Harrison aone chimene ndajambulacho musanakhudze. Akati ndi zoona muchite, akati ayi mumvere iyeyo. Ndalemba mzere umenewu kawiri, poyamba ndinawonjezera kuti abwere amalume alipo. Ndafufuta. Abwere tsiku limene inu mwasankha.

Ndinyamuka kuno Lachiwiri pa 9 Julayi. Ndikadutsa bwino pa Dedza nditsika Khwekhwerere Lachinayi pa 11, ndipo ndiyenera kukhala pa Golomoti isanakwane 2 koloko masana. Katundu ndi chikwama chimodzi ndi bokosi la zipangizo. Sindikudziwa kumene ndifikire masiku awiriwo tisanakhale pansi, ndipo sindikufuna kungotulukira pakhomo panu ngati palibe chimene chachitika. Ndidzakhala pasiteji, pamthunzi wa ogulitsa tomato, mpaka 4 koloko. Mukatumiza Monalisa ndi njinga yakapalasa kudzatenga chikwama, ndibwera naye. Ikakwana 4 koloko ndidzanyamula ndekha kupita kwa achimwene, ndipo tidzaonana Loweruka.

Ndine bambo ake Monalisa,
Silvesta